Minga ya Nkhwali pa Chingwe cha Bwazi

Uthenga wa maliro a ababa ndinauona iwo atayikidwa kale. M'nyumba imene ndimagwira ntchito kuno ku Doha, ku Fereej Al Murra, foni yanga imakhala m'kabati ya madamu mpaka ntchito ya masana ithe, ndipo kwathu ku Machinga ife Asilamu sitigoneka mtembo. Anatsirizika m'mawa, dzuwa lisanapendeke anthu anali atabwerako kumanda. Ine nthawi yonseyo ndinali kuchapa makatani.

Analemba uthengawo ndi mng'ono wanga. Ndinauwerenga nditaima pakhomo la kukhitchini, ndinauwerenganso, kenako ndinaika foni m'thumba la epuloni n'kupita kukaanika makataniwo, chifukwa akakhalitsa m'makina amayamba kununkha. Ndinkaganiza kuti misozi ibwera ndikakhala pansi. Madamu atamva anandigwira paphewa, ananena mawu amene timanena munthu akamwalira, n'kundiuza kuti ndipume tsiku limenelo. Ndinakhala pabedi m'kachipinda kanga kuseri kwa khitchini, kumvetsera AC yoziziritsa m'nyumba ikulira. Nditatopa nako kukhalako ndinatuluka kukasita mayunifomu a ana. Zopita kumudzi sindinazitchule n'komwe. Kontirakiti inali pakati, ndiponso ndikanakaonako chiyani, mulu wa dothi?

Amene amandidziwa akuuzani kuti ndine wa mtima wapachala. Pamjigo kwathu munthu akasuntha chidebe changa pamzere ankadziwanso. Ngakhale kuno, kumene pakamwa timatseka ndi loko, mapoto amadziwa ndikapsa mtima. Koma miyezi imeneyo mtimawo unangoti zii. Sadaka ya ababa ndinaionera pafoni, anthu akupatsirana mpunga pansi pa mango wa pakhomo pathu, ndipo chimene ndinaona ine n'chakuti mphika waukulu umene anabwereka ndi womwe uja wothyoka chogwirira. Amayi ankandifunsa, "Walira koma?" Ndinkati eya. "Usaname, mawu akowo si a munthu wolira. Maliro osalira amadwalitsa." Ndinayesapo kudzikakamiza m'bafa, nditatsegula shawa kuti asandimve, kukumbukira nkhope yawo ndi kayendedwe kawo. Ndinangowononga madzi. Ndinkadya, ndinkagona, ndinkaswali. Ndinkadzifunsa kuti kodi ndine mwana wamtundu wanji, koma ngakhale funsolo silinkandipweteka.

Ababa anali mlenje wa nkhwali. Mfuti analibe, agalu analibe, anali ndi zingwe basi. Ankapota okha chingwe cha bwazi pantchafu, n'kutchera makhwekhwe m'mphepete mwa minda ya nandolo kumunsi kwa phiri la Chikala, m'tinjira timene nkhwali zimadutsa potsika kukadya. Anzawo ankatchera a pakhosi. Iwo ayi, ankatchera a kumwendo, chifukwa nkhwali ikafera pamsampha ndi haramu, Msilamu sangadye. Ndiye tinkalawira mame asanaume kuti tikaipeze ikadali yamoyo, ikuphupha, iwo n'kuilozetsa kumene timayang'ana poswali n'kuichinja. Ana aamuna Mulungu sanawapatse. Mwa atsikana tonse ine ndiye sindinkaopa njoka kapena magazi, choncho wonyamula thumba ndinali ine, anthu akuseka kuti mwanayu sadzakwatiwa. Ndinakwatiwa, ukwatiwo n'kutha, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Nkhwali yaimuna ili ndi munga kumbuyo kwa mwendo, monga alili tambala wa pakhomo. Yaing'ono kamunga kake n'kosanunkha kanthu. Yokalamba, imene yapulumuka misampha zaka zambiri, munga wake umakhala wautali, wopindika pang'ono, wakuthwa. Ababa akakola yoteroyo ankadula mingayo ndi kafupa kake, kuipala bwinobwino, n'kuisomeka kudenga pamwamba pa chitseko cha khitchini kuti iume ndi utsi. Ikauma ankaiponya m'kachitini. Amayi ankati ndi zinyalala. Iwo ankati, "Miyendo ikadzakana phiri ndidzatunga mkanda, ndizidzacheza ndi anzanga amene ndinalimbana nawo."

Imodzi ndimaikumbukira bwino. Inali itawazemba nyengo zingapo, moti ankaidziwa ndi mapazi ake, chala chimodzi chopindika. Tsiku limene inakodwa ndinathamanga kuwapitirira n'kuigwira ndi manja ndisanaiphimbe ndi thumba. Inandimenya ndi mwendo n'kunding'amba chikhatho. Ndinaitukwana, ndinafuna kuipotola khosi pomwepo. Ababa anandigwira mkono. "Ukaipha ndi mkwiyo tidya chiyani?" Anaichinja mwaulemu wake, kenako anaika tsamba pabala langa n'kumanga ndi chingwe cha msampha womwewo. Kunyumba amayi anawakalipira mpaka madzulo.

Chinthu chimodzi sindinaphunzire kwa iwo, mfundo yawo. Ankaimanga mofulumira, chala kulowa, chingwe kuzungulira, kenako n'kukoka ndi mano, basi yatha, yaing'ono ngati njere ya mapira, koma nkhwali ikoke tsiku lonse siimasuka. Ndikati, "Ababa, tabwerezani pang'onopang'ono," ankati, "Maso uli nawo." Ine n'kupsa mtima, iwo n'kumaseka. Ndinkati ndidzaphunzira tsiku lina. Ulendo womaliza kulankhula nawo pafoni anandifunsa ngati kuno kuli nkhwali. Ndinati kuli nkhunda ndi amphaka basi. Anati, "Dziko lanji limenelo." Za mkanda sanatchule.

Patapita miyezi chimwalirire ababa, adalaivala a m'nyumba muno anabwerako ku tchuthi. Ndi Mmalawi mnzanga, bambo wachikulire wa ku Ntcheu, wa mpingo, amene wakhalitsa kuno moti Chiarabu amalankhula ngati chawo. Ndimawatcha achimwene. Mng'ono wanga anakakumana nawo pa Balaka n'kuwapatsira kaphukusi. Anandipatsira kuseri kwa galaja akuyang'ana uku ndi uku.

"Achemwali, katundu wanuyu wandionetsa zakuda," anatero. "Pa eyapoti bagi ikulowa m'makina muja, ine thukuta lili kamukamu. Ndinasuzumiramo panjira, mundikhululukire. Kodi za zithumwa mwayamba liti?"

"Zithumwa zanji?"

"Tsegulani muone. Akanandifunsa ndikanati chiyani ine? Munthu amadipotedwa, kubwezedwa kwawo, ndi zinthu ngati zimenezi."

Kanali kachitini kaja. Nditatsegula munatuluka fungo la utsi wa khitchini ya kwathu. M'katimo munali mkanda wosamaliza. Miyendo inali itakanadi phiri, ndipo miyezi yawo yomaliza ababa anakhala pakhonde akuboola minga ndi sipoko ya njinga, kuitunga pa chingwe cha bwazi, pakati pa munga ndi munga n'kumanga mfundo yawo ija kuti isamakhulane. Anafika pakati. Chingwe chotsala chinali chopindidwa bwino, ndipo minga yosaboola inali pansi pa chitini. Mng'ono wanga anati anakapeza kumutu kwa mphasa yawo. Njinga ndi mpeni wochinjira anatenga abale awo monga mwa mwambo, zovala zinagawidwa. Kachitini palibe anakafuna.

"Ndi minga ya nkhwali, achimwene," ndinatero. "Ababa ankasaka."

"Inu mukudziwa, ine ndamva. Nanga madamu? Bisani pansi pa sutikesi, mudzaonere kumudzi."

Sindinabise. Ndinaugwira mkandawo n'kuyendetsa chala pa mfundozo imodziimodzi. Pa zina pankaoneka pamene dzino linaluma. Chinthu chokhacho chimene ndinali nacho chopangidwa ndi manja a ababa chinali mfundo zimenezo, ndipo ndinkadziwa kuti ikamasuka imodzi palibe amene angaimangenso. Sindinalire. Ndinangoganiza kuti ntchito yolekezera pakati ndi yoipa kuiona, bola ndiimalize.

Kuno anthu akadya masana amagona, nyumba yonse zii, kunja dzuwa likuswa mtengo. Nthawi imeneyo ndi yanga. Ndinabwereka pulayala kwa achimwene, ndinatenga singano yaikulu yosokera, n'kumaiwotcha pa sitovu ya gasi mpaka ifiire. Munga umaugwira ndi kansalu, singano n'kuilasa pa kafupa ka kutsinde, osati pa munga weniweniwo. Woyamba ndinalasa pamwamba kwambiri, unang'aluka pakati. Ndinauyang'ana uli zidutswa m'manja mwanga, nkhwali ina imene ababa anailondola mwina dzinja lathunthu, kenako ndinautaya m'bini pamodzi ndi makoko a anyezi. Pa inayo ndinaphunzira kuti singano isakankhidwe, ilowe yokha ndi moto wake, ikazizira uibwezere pamoto. Fungo lake ndi la tsitsi lopserera. Tsiku lina madamu anatsika akununkhiza. "Chikupsa n'chiyani?" Ndinati ndi ulusi wa kansalu kopukutira mbale wagwera pamoto. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanabwerere m'mwamba.

Mfundo zanga zinali za thumba la ufa, zazikulu, zopendama. Aliyense akanaona pamene panathera ababa ndi pamene panayambira ine. Ndinkayang'anitsitsa zawozo kufuna kuona kumene chingwe chalowera, koma zinali zothina moti sizinkaonetsa njira, ndipo kumasula imodzi kuti ndiphunzirepo sindikanayerekeza. Masabata amenewo ndinkagwira ntchitoyi monga ndimasendera mbatata. Sindinganame kuti ndinkamva kalikonse.

Nditamaliza ndinapaka mingayo mafuta kuti iwale. Ababa ankapaka a nsatsi, ine ndinadontheza a maolivi a m'khitchini. Tsono mafuta amafuna kuuma pamthunzi, pamphepo, ndipo m'kachipinda kanga mulibe zenera. Manja anangochita zimene maso anazolowera kuyambira ndili mwana. Ndinakwera pampando n'kukoleka mkandawo pa paipi ya AC, pamwamba pa chitseko cha khitchini chotulukira kubwalo. Kwathu ndi pamene minga imauma. Zoti ndi chitseko chimene ana amadutsa tsiku lililonse popita kukasewera sizinandibwerere m'mutu, ngakhalenso zoti kwathu komweko munthu akafuna kutsirika nyumba amaika pomwepo.

Sabata imeneyo mwana wamng'ono wa madamu, kamtsikana kamene ndimakasambitsa ndi kukaluka tsitsi, kanali ndi chifuwa chosamva mankhwala. Kuchipatala anali atapitapitako. Madamu sankagona, maso anali atalowa m'kati.

M'mawa mwake mwa tsiku limene ndinakoleka mkandawo, ndinali m'mwamba kuyala mabedi pamene ndinamva akundiitana ndi mawu amene sindinawamvepo. Ndinawapeza pabwalo atapana mkanda wa ababa ndi chopanira nyama, atautalikitsa ngati khoswe wakufa. Nkhope yawo inali itatuwa. Liwu limodzi ndinalimva bwino, sihiri, ndiko kuti ufiti. Anaitana achimwene kuti atanthauzire.

"Akuti mwaikira ndani," anatero achimwene maso ali pansi. "Akuti mwana anayamba kudwala tsiku limene munkawotcha tsitsi m'khitchini. Akuti tsitsilo ndi la mwana, munalitenga poluka."

"Auzeni kuti ndi minga ya mbalame. Ndi ya ababa."

Anawauza. Madamu anayankha zambirimbiri, akuloza mbaula yowotchera nyama imene imakhala pakona pa bwalo.

"Akuti awotcha. Kenako aimbira abwana kuntchito, aone ngati ndi za polisi kapena kukubwezani kwa ejenti amene anakupezerani ntchito."

Apo ndiye mtima wanga uja unadzuka, koyamba chimwalirire ababa. Sindikudziwa kuti ndinayenda bwanji. Ndinangopezeka ndagwira chopaniracho mbali inayo, tikukokana ndi madamu ngati ana olimbirana nzimbe, ine ndikulakatika Chichewa chokhachokha. Ndinati mwana wawoyo ndamubereka kumsana ine kuposa iwo. Ndinati ababa anaswali moyo wawo wonse kuposa anthu onse a mumsewu uno, awotche za kwawo. Achimwene sanatanthauzire ngakhale limodzi. Anangoti chapansipansi, "Achemwali, ukayenda siya phazi. Ana anu kumudzi adya mingayo?" Ndinasiya. Ana anga amakhala ndi mng'ono wanga, ndipo tsopano ndi amayi omwe onse akuyang'ana kuno. Mtima unabwerera kumene unali.

Phokosolo linatulutsa apongozi a madamu, agogo aamuna amene amakhala m'chipinda cha pansi pafupi ndi majilisi, mochezera amuna. Ndi nkhalamba yosalankhulalankhula. Pa unyamata wawo ankasaka m'chipululu ndi akabawi oweta, zithunzi zake zili pakhoma, ndimazipukuta ine. Anabwera ndi ndodo yawo, anamva nkhani, kenako anatambasula dzanja. Madamu anawaletsa kuti asakhudze, iwo anautenga ndi manja basi. Anauyandikitsa kumaso, anayesa nsonga ya munga umodzi pa chala chachikulu, n'kununkhiza.

Anafunsa kudzera mwa achimwene kuti mbalameyo ndi yaikulu bwanji. Ndinaonetsa ndi manja. Anafunsa ngati imauluka kapena imathamanga. Ndinati imathamanga, imauluka ikapanikizika. Anagwedeza mutu. Anafunsa kuti bambo anga ankaikola bwanji. Ndinati kumwendo, kuti aichinje ili yamoyo. Apo anandiyang'ana kumaso, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kuwapemphera ababa chifundo cha Mulungu. Anauza mpongozi wawo kuti izi ndi za mbalame, mlenje aliyense amasunga kanthu, iwonso ali ndi tizingwe ta kumiyendo ta kabawi wawo amene anafa kalekale. Zowotcha ndi za polisi zithe.

Ndinkayesa zatha. Koma madamu analoza mfundo. Anayamba kulira, kulira kwenikweni kwa mayi amene mwana wake wakhala akutsokomola mpaka kusanza. Anati minga ikhale minga, koma nanga mfundo zonsezi n'zachiyani, mkanda wanji womanga mfundo paliponse? Kuno amakhulupirira kuti choipa amachimangirira pa mfundo, ndipo chimatha pokhapokha mfundoyo itamasulidwa. Sindinganene kuti zinali zachilendo kwa ine. Kumadarasa ashehe anatiphunzitsa za anthu ouzira pa mfundo, ndipo timapempha Mulungu kuti atiteteze kwa iwo. Agogo aja anayang'anitsitsa mfundozo. Kenako anati za mbalame akuzidziwa, za mfundo sangaikire umboni. Kuti mayi wa mwana akhazike mtima pansi, zimasulidwe zonse, iye akuona, ndipo amasule ndi mwini mkanda. Osadula ndi sizasi, kumasula.

"Achimwene, auzeni kuti zangazi ndimasula," ndinatero. "Zazikuluzi. Koma kuyambira apa kufika apa anamanga ndi ababa, ndipo anamwalira. Ine kamangidwe kake sindikadziwa."

Anawauza, ndipo ndinamva kuti anawonjezerapo mawu awo ochonderera. Madamu anapukuta m'maso. Sanalankhule mwaukali. "Zonse," anatero. "Khalasi, nkhani yatha."

Ndikanakhala ine mayi wa mwanayo ndikanateronso. Ndinaganiza zimenezo nthawi yomweyo, ndipo ndinasowa ngakhale munthu womukwiyira.

Anandibweretsera thireyi ya tiyi. Ndinakhala pansi pamthunzi wa khoma, matailosi akutentha kudutsa diresi. Madamu anaima patsogolo panga akunong'ona mapemphero, agogo anakhala pampando, achimwene anapita kukapukuta galimoto imene anali atapukuta kale. Zanga zinamasuka mosavuta, kungokhudza ndi chikhadabo. Munga uliwonse ukatuluka pachingwe unkagwera pathireyi kuti ngwe. Ntchito ya masabata inatha mosakhalitsa.

Ndinafika pa mfundo ya ababa, yomaliza imene anamanga asanatsirizike. Ndinayesa ndi chikhadabo, chikhadabo chinathyoka. Ndinayesa ndi singano, inkangoterereka. Bwazi wouma ndi utsi amalimba ngati waya. "Yalla," anatero madamu kundifulumizitsa, osati mokalipa, mwana anali atayambanso kutsokomola m'mwamba. Ndiye ndinachita monga ankachitira eni ake. Ndinaika mfundoyo pakamwa n'kuluma.

Munali utsi wa nkhuni za kwathu. Munali kuwawa kwa bwazi, mafuta a nsatsi, ndi kamchere kamene sindikudziwa ngati kanali thukuta la m'manja mwawo kapena malovu awo. Dzino langa linalowa pamene panalowa lawo. Ndinakoka pang'ono, mfundo inafewa, ndipo ndinaichotsa pakamwa msanga kuti ndione kumene chingwe chadzera, mwina ndiphunzire tsopano poibweza m'mbuyo. Koma mfundo imeneyo ikangofewa imagwa yonse kamodzi. Ndinatsala ndi chingwe chopotanapotana m'manja, osaona kanthu. Yotsatira chimodzimodzi. Ndinkati pa iyi ndiona, pa iyi ndiona, ndikuluma, ndikukoka, minga ikugwera pathireyi, mpaka ndinafika pa yoyamba, pamene anayambira ntchito yawo. Pamenepo panali munga wautali kuposa yonse, wa nkhwali ya chala chopindika ija. Chipsera chake chili pachikhatho chimene ndinagwirira chingwecho. Mfundo imeneyo ndinaisunga pakamwa nthawi yaitali, mpaka agogo anagogoda ndodo pansi pang'ono. Kenako ndinakoka.

Madamu anatenga chingwe ndi minga n'kuziviika m'beseni la madzi amchere amene anawapempherera, anatsukuluza, n'kukataya madziwo kunja kwa geti. Anandibwezera zonse pathireyi, zoyera. Ndinanunkhiza chingwe. Munalibe kanthu. Lero mingayo ili pa ulusi wa nayiloni wopanda mfundo, m'sutikesi, ndipo ndikaunyamula imagundana. Mwana uja anachira patapita masiku. Madamu ali ndi chifukwa chawo, adokotala ali ndi chawo. Ntchito ndikugwirabe m'nyumba momwemo.

Koma tsikulo, madamu atalowa m'nyumba anatulukanso ndi tambula ya madzi ozizira a m'firiji, atanyamula okha, chinthu chimene sichinachitikepo. Milomo yanga inali itauma, lilime likulemera. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza, n'kuika pambali pa thireyi. Atachoka ndinathira madziwo pa maluwa. Utsi uja unali udakali m'kamwa mwanga, m'mano, kukhosi, ndipo kwina kulikonse kunalibe.

Ntchito yotsala ndinagwira pakamwa nditatseka. Ndinakolopa, ndinapinda zovala, ndinaphika mpunga osalawa mchere. Chakudya changa ndinachivundikira. Nthawi ya swala itakwana, azana italira pa mzikiti wa kuseri kwa nyumbayi, ndinapita pampopi wa m'bafa kukatawaza. Ndinasamba m'manja. Ndinatunga madzi m'chikhatho kuti ndichukuche m'kamwa, monga ndachitira kuyambira pamene ababa anandiphunzitsa ndili kamwana, atanyonyomala pambali panga ndi ketulo. Dzanja linafika pachibwano n'kuima. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti ababa anamwaliradi, ndipo zinandipweteka moti ndinagwira khoma. Madzi anadontha m'mipata ya zala mpaka anatha.

Ndinasamba kumaso ndi mikono, ndinapaka kumutu, ndinatsuka mapazi. M'kamwa ndinasiya. Ndinayala mkeka n'kuswali, ndipo ababa ndinawapempherera ndi utsi wawo pa lilime.